Lipoti la Prado yomwe inapsa giyabokosi ikukoka thirela kumadzulo kwa Ngabu

Ndine makaniko, ndipo galaja yanga ili m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Chikwawa, komwe kwa zaka zambiri ndakhala ndikukonza galimoto za m'minda, za mabungwe ndi za anthu wamba zomwe zimayenda m'chigwa cha Shire. Lipotili ndi la galimoto imodzi yomwe inafika m'manja mwanga mwezi wa November itanyamulidwa pa lole, itapsa mabuleki ndi giyabokosi, chitsulo chokokera chitapindika, zonse pa ulendo umodzi wa tsiku limodzi. Eni ake, omwe ndi bungwe lina lokonza mijigo m'midzi, anandipempha kuti ndisangokonza koma ndifufuzenso chomwe chinachitika, chifukwa mu ofesi mwawo munali kusagwirizana: ena ankati galimotoyo ndi yofooka, ena ankati dalaivala ndiye wolakwa ndipo achotsedwe ntchito. Mayina a bungwelo ndi a anthu okhudzidwa ndawasiya.

Galimoto yake ndi Toyota Land Cruiser Prado ya mtundu wa 150, womwe unayamba kugulitsidwa mu 2009. Ili ndi injini ya dizilo ya malita 3.0 yotchedwa 1KD-FTV, yomwe pa mtunduwu imatulutsa mphamvu ya makilowati 127 ndi mphamvu yopotola ya 410 Nm, komanso giyabokosi yosintha yokha ya magiya 5. Matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, ndipo ili ndi giya yamphamvu ya L4 yoyendera malo ovuta. Buku la galimotoyi linali m'kabokosi ka kutsogolo, likadali m'pepala lake la pulasitiki, ndipo linanena manambala atatu omwe nkhani yonseyi yatsamirapo. Thirela yokhala ndi mabuleki ake isapitirire makilogalamu 2,500. Thirela yopanda mabuleki isapitirire makilogalamu 750. Galimoto payokha, pamodzi ndi anthu, katundu, mafuta ndi kulemera komwe thirela imatsikiza nako kumbuyo, isapitirire makilogalamu 2,990. Pa chitsulo chokokera, chomwe tonse kuno timangoti tow bar, panali kachitsulo kodindidwa kosonyeza kuti chibulunga chake chisasenze makilogalamu oposa 250.

Mwa manambala onsewa, ku ofesi ankadziwa imodzi yokha, ya 2,500, ndipo ankainena ngati kuti ndi lonjezo logwira ntchito pamsewu uliwonse, nyengo iliyonse.

Katundu amene ananyamulidwa

Thirelayo inali ya maekiselo awiri, ndipo titaikweza yopanda kanthu pa sikelo yaikulu yoyezera malole inalemera makilogalamu 640. Katundu wa tsikulo ndinamuwerengera pogwiritsa ntchito malisiti ogulira zinthu ndi zomwe anyamata onyamula anandiuza. Munali matumba 30 a simenti a makilogalamu 50 lililonse, kutanthauza makilogalamu 1,500. Munali migolo iwiri yodzaza madzi osakanizira konkire, uliwonse wa malita 210. Popeza lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, madziwo pamodzi ndi migolo yake anali pafupifupi makilogalamu 460. Mapaipi, ndodo zachitsulo ndi mitu ya mijigo ya mtundu wa Afridev zinawonjezera makilogalamu 260. Zonse pamodzi zinafika makilogalamu 2,860, kupitirira malire a m'buku ndi makilogalamu 360.

Kupitirira kumeneku pakokha sikukanawononga galimoto tsiku limodzi. Chomwe chinandiwumitsa thupi ndi zimene ndinaona nditagona pansi pa thirela. Inali ndi mabuleki a mtundu woti galimoto ikachepetsa liwiro, thirela imakankha chitsulo cha pamlomo pake, chitsulocho n'kukoka mawaya omwe amamanga mabuleki a m'matayala. Mawayawo anali atagwira dzimbiri mpaka kuuma m'mipaipi yake, ndipo nditatsegula madiramu a mabuleki munatuluka dothi louma lambuu, lomwe aliyense wa kuno amalidziwa kuti ndi la madzi osefukira. Anandiuza kuti thirelayo inamira pabwalo pomwe inkasungidwa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, ndipo madzi ataphwa inangotsukidwa kunja n'kupakidwa penti. Kuyambira pamenepo inali thirela yopanda mabuleki, ngakhale ziwiya zonse zinkaoneka kuti zilipo. Malire ake enieni sanalinso 2,500 koma 750, ndipo katundu wa tsikulo anali pafupifupi kanayi kuposa pamenepo.

Kasanjidwe ka katundu nakonso kanali kolakwika. Matumba ambiri a simenti anaunjikidwa kutsogolo kwa maekiselo poopa kuti angagwere kumbuyo. Titasanjanso katundu wolingana naye momwe anyamatawo anasonyezera, n'kuika sikelo pansi pa mlomo wa thirela, inawerenga makilogalamu 330. Kawirikawiri mlomo umayenera kutsikiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thirela yonse, koma osapitirira zomwe tow bar imalola, zomwe pano zinali 250.

Tsopano galimoto payokha. Anthu ambiri amaiwala kuti zitsulo zomwe timawonjezera pa galimoto zam'tchire zimadya gawo la katundu wololedwa. Prado imeneyi inali ndi bampala yachitsulo kutsogolo, kaliyala padenga ndi batire lachiwiri, ndipo itadzaza mafuta, popanda munthu mkati, inalemera makilogalamu 2,420. Munakwera amuna 5, pafupifupi makilogalamu 360. Mabokosi a zipangizo kumbuyo anali 170, ndipo padenga panali tayala lachiwiri lapadera ndi zigubu, pafupifupi 80. Mukaphatikizapo 330 wa pamlomo wa thirela, galimotoyo inali pa makilogalamu 3,360, kupitirira malire ake ndi 370. Inali yolemedwa kale isanakoke kanthu. Galimoto ndi thirela pamodzi zinali makilogalamu 5,890.

Kutsika phiri

A dalaivala ndi anzawo ananyamuka ku Blantyre cha m'ma 11 koloko m'mawa, atachedwa kudikira simenti. Aliyense amene anayendapo msewu wa ku Chikwawa akudziwa kuti Blantyre ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe pansi pa chigwa, cha ku Chikwawa, ndi pafupifupi mamita 100 okha, ndipo gawo lalikulu la kutsikako limachitikira m'makona a phiri musanafike pa Thabwa. Galimoto yotsika mtsetse wotere imakhala ndi mphamvu yochuluka yomwe iyenera kutayidwa penapake, ndipo mabuleki amaitaya poisandutsa kutentha. Ndinawawerengera a ku ofesi kuti amvetse: matani 5.9 akatsika mamita 900 amatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira pafupifupi malita 150. Kwina mwa kutenthako kumachoka ndi mphepo ndi kukhuzana kwa matayala ndi phula, koma kotsalako kumayenera kugawidwa pakati pa injini, mabuleki a galimoto ndi mabuleki a thirela. Tsikulo thirela sinathandize chilichonse, ndipo injini nayo sinapatsidwe mpata wothandiza, chifukwa a dalaivala anatsika ndodo ya giya ili pa D, pomwe galimoto imadzisankhira yokha magiya, phazi lili pa buleki kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Nditawafunsa chifukwa chake sanatsitse giya kupita pa 3 kapena 2, anandiyankha mosabisa kuti: "Bambo, ine ndazolowera galimoto ya giya yamanja. Iyiyi anatiuza kuti imasintha yokha, ndiye sindinkafuna kuigwiragwira kuopa kuononga." Ndi bambo wachikulire, woyendetsa mosamala, amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri popanda ngozi, ndipo yankho lawo ndinalikhulupirira. Palibe amene anawaonetsapo kuti giyabokosi yosintha yokha imalola kusankha giya yotsika ndi dzanja, ndipo kuti pokoka katundu potsetsereka zimenezi n'zofunika kwambiri.

Atatsala pang'ono kumaliza phiri anayamba kumva fungo la chinthu chopsa, kenako buleki inayamba kufewa n'kumalowa mkati. Zinthu ziwiri zinkachitika nthawi imodzi. Mapadi a mabuleki akatentha mopitirira amataya mphamvu yogwira disiki, chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala. Komanso mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya pakapita nthawi; a mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi malirewo amatsika mpaka 140. Akawira amapanga nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, choncho phazi limaponda koma mphamvu siifika ku matayala. M'buku la setivisi la galimotoyi munalibe posonyeza kuti mafutawa anasinthidwapo kwa zaka 4.

Mwa chisomo cha Mulungu anafika pa Thabwa popanda kugunda kanthu, ndipo anaima utsi ukutuluka m'matayala akutsogolo. Mmodzi mwa anyamata, pofuna kuthandiza, anatunga madzi mumgolo n'kuthira pa madisiki. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi, mbali imodzi kuposa ina, chimapindika kapena kuchita ming'alu, ndipo madisiki onse awiri akutsogolo ndinawapeza atasanduka obiriwira mwakuda, ali ndi timing'alu tambiri, mapadi atanyezimira ngati galasi. Anapuma mphindi 20, buleki inabwerera pang'ono, ndipo anapitirira kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa Nchalo mpaka Ngabu. Msewu umenewu ndi wathyathyathya, ndipo a dalaivala ananena kuti galimoto inkakoka bwinobwino, kungoti chiongolero chinali chopepuka ndipo mphuno inali yoloza m'mwamba. Chimenecho chinali chizindikiro cha katundu wa pamlomo wa thirela, yemwe amapondereza kumbuyo n'kunyamula matayala akutsogolo, omwe ndi okhotetsa komanso ogwira gawo lalikulu la buleki.

Mumchenga

Apa ndi pamene panawonongeka chinthu chodula kwambiri, ndipo ndikhalapo nthawi. Cha m'ma 3 koloko masana anasiya phula n'kulowera kumadzulo, kutsata msewu wafumbi wopita ku midzi yomwe kunali mijigo. Mwezi wa November m'chigwa muno kutentha kumapitirira madigiri 40 masana, mpweya umakhala chiimire, ndipo galimoto yoyenda pang'onopang'ono m'mabampu siilandira mphepo yokwanira pa rediyeta. Makina oziziritsira mkati anali oyatsidwa, zomwe zimawonjezera kutentha kutsogolo kwa rediyeta yomweyo. Atayenda mtunda ndithu anafika pa mtsinje wouma, wotambalala pafupifupi mamita 60, wa mchenga woyera wosalala womwe phazi limalowa mpaka m'kakolo, ndipo kutsidya kwake kunali kachitunda kotulukira.

Ndinapita kukaona malowo patapita masiku awiri, mikwasa isanafufutike. Matayala a galimoto anali ndi mpweya wa 38 psi, woyenera phula ndi katundu wolemera, koma wosayenera mchenga. Giya inali pa H4, yoyendera msewu wabwino, ndipo batani lomanga difu yapakati, kuti matayala akutsogolo ndi akumbuyo azikoka mofanana, silinakanikizidwe. Analowa ndi liwiro lochepa, ndipo mikwasa inkaonetsa bwino kuti mamita 20 oyambirira anayenda, kenako thirela inayamba kulima. Matayala a thirelayo anali aang'ono komanso oyandikana kuposa a galimoto, kotero m'malo moponda m'mikwasa yomwe galimoto yatsendera kale, ankadzitsegulira mizere yawoyawo mumchenga wofewa, mulu wa mchenga uli patsogolo pa tayala lililonse.

Kusiyana kwa phula ndi mchenga n'kwakukulu kuposa momwe anthu amaganizira. Pa phula lathyathyathya, kuti tani imodzi ipitirire kugubuduka pamafunika kukoka kwa makilogalamu pafupifupi 10 mpaka 15. Mumchenga wofewa pamafunika kakhumi kapena kuposerapo. Matani 5.9 omwe pa M1 ankafuna kukoka kosafika makilogalamu 100, mumtsinjemo ankafuna kopitirira tani yathunthu, ndipo mphamvu yonseyo inayenera kudutsa m'matayala anayi okha a galimoto, omwe nawonso anali atayamba kutitimira. Matayala a thirela alibe injini; amangolemetsa basi. Nambala ya 2,500 ya m'buku siinayezedwe pamalo otere. Ngakhale mayeso okhwima a ku America otchedwa SAE J2807, omwe amakwezetsa galimoto chitunda cha Davis Dam ku Arizona, mtunda wa makilomita pafupifupi 18, kunja kukutentha madigiri osachepera 37.8 ndipo makina oziziritsira ali oyatsidwa, amachitikira pa phula komanso ndi thirela ya mabuleki abwino. Kuno timayambira pa kutentha koposa pamenepo, kenako n'kusiya phula.

Galimoto itaima, a dalaivala anachita zomwe ambiri amachita: anaponda moto. Anayesa kutsogolo, anayesa kumbuyo, anyamata akukankha, kwa mphindi pafupifupi 25 malinga ndi kunena kwawo. Pakati pa injini ndi giyabokosi yosintha yokha pali chiwiya chotchedwa torque converter, chomwe chimapatsira mphamvu kudzera mu oyilo. Galimoto ikamathamanga pamsewu chiwiyachi chimamangika n'kuzungulira limodzi ndi injini, ndipo kutentha kumakhala kochepa. Koma injini ikamalira pamwamba matayala akukana kuyenda, pafupifupi mphamvu yonse ya injini imathera kuvundula oyilo, ndipo oyiloyo amatentha mofulumira kwambiri. Giya ya L4 inapangidwira nthawi ngati imeneyi, chifukwa imachulukitsa mphamvu yofika ku matayala kuwirikiza pafupifupi kawiri ndi theka, motero torque converter siivutika kwambiri. Pa H4 katundu yense anagwera pa oyilo.

Nyale yochenjeza za kutentha kwa oyilo wa giyabokosi inayaka. A dalaivala anaiona, koma poyang'ana singano ya kutentha kwa injini anaona kuti ili pakati, ndipo anaganiza kuti nyaleyo ikunama. Apa ndi pamene ndimawapeza olakwa kwambiri, ndipo ndinawauza pamaso. Nyale imeneyo ikayaka, chofunika ndi kuima, kuika giya pa P, poimikira galimoto, kusiya injini ikulira pang'onopang'ono kuti oyilo azizungulira n'kuzizira, mpaka nyaleyo izime. Iwo anapitiriza mpaka galimoto inakhala pansi ndi mimba, ndipo fungo la oyilo wopsa linadzaza mkati.

Kenako panachitika chinthu chomwe chikanatha kutenga moyo wa munthu. Anthu a m'mudzi wapafupi anaitanitsa thirakitala. Thirela inamasulidwa n'kukokedwa payokha, ndipo pofuna kutulutsa galimoto chammbuyo, woyendetsa thirakitalayo anakoleka unyolo pa chibulunga cha tow bar, n'kubwerera pang'ono kuti unyolo ukhwepe, kenako n'kunyamuka mwamphamvu. Chibulunga chimenechi, cha mamilimita 50, chinapangidwira kukoka thirela yogubuduka, osati kulandira kugwedeza kwadzidzidzi kwa galimoto yokwiririka. Chikathyoka chimauluka ngati chipolopolo, ndipo m'maiko ena anthu afa nacho. Ndinachipeza chitapindikira kumbuyo, khosi lake lili ndi mng'alu wolowa chikhadabo, ndipo mabawuti awiri omangira tow bar ku chasisi anali atatamuka. Pa zithunzi zomwe mmodzi mwa anyamata anajambula pa foni, ana oposa 10 anaima chapafupi kuonerera, ena moyang'anizana ndi unyolo. Nditaona chithunzicho ndinakhala chete kwa kanthawi.

Galimoto inatuluka, koma pobwerera ku phula inkangolira osakoka bwino, ndipo inagona ku Ngabu mpaka lole inakainyamula.

Zomwe ndinapeza m'galaja ndi zomwe tinachita

Injini inalibe vuto lililonse. Madzi a mu rediyeta anali okwana, oyilo wa injini anali bwino, ndipo kompyuta sinasonyeze cholakwika kumbali imeneyo, ngakhale zipsepse za rediyeta zinali zodzaza ndi fumbi ndi njere za udzu, zomwe zimachepetsa mphepo. Giyabokosi ya mtunduwu ilibe kandodo koyezera oyilo, choncho dalaivala sangathe kuona mtundu wa oyilo wake panjira. Nditamasula bawuti ya pansi, oyilo yemwe amayenera kukhala wofiira woyera anatuluka wakuda ngati tiyi wosathira mkaka, akununkha ngati nsima yopserera. M'beseni la pansi munali phala lakuda la zotsalira za makilachi a mkati, ndipo maginito ake anali atakutidwa. Tinasintha sefa, tinatsuka ndi kusintha oyilo katatu pogwiritsa ntchito wa mtundu wa WS womwe giyabokosiyi imafuna, ndipo ikazizira inkayenda bwino. Koma ikatentha, posintha kuchoka pa giya 3 kupita pa 4 injini inkakwera mawu kaye isanagwire. Ndinauza eni ake kuti makilachi apsa ndipo kusintha oyilo sikungawabwezeretse. Tinaitsitsa n'kuitumiza ku Blantyre kwa akatswiri a magiyabokosi, ndipo itabwerera ndinaika kachiwiya kena koziziritsira oyilo wake patsogolo pa rediyeta.

Madisiki ndi mapadi akutsogolo tinasintha, mafuta a mabuleki tinachotsa onse n'kuika atsopano, ndipo masipulingi akumbuyo, omwe anali atakhala pansi mbali imodzi, tinaika ena. A ku ofesi anapempha kuti tow bar tingoiwongola ndi kuiwotcherera pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndinakana. Chitsulo chomwe chatamuka n'kuchita mng'alu sichibwereranso mphamvu yake, ndipo tsiku lomwe chingaduke, thirela ya matani awiri ikhoza kulowa m'gulu la anthu a njinga pa msika wa m'mbali mwa msewu. Tinagula ina yokhala ndi kachitsulo kosonyeza malire ake. Ndinene pano kuti galimoto zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan zimafika zopanda tow bar, eni ake n'kukapangitsa kwa owotcherera, ndipo zoterezi zilibe nambala iliyonse yoyezedwa. Malire a galimoto sangapose malire a chitsulo chofooka kwambiri pa mzere wonse wokokera. Thirela tinaiikira mawaya atsopano, nsapato za mabuleki ndi mabeyaring'i.

Galimoto inakhala osayenda milungu 5. Pamene inkatuluka m'galaja, mvula inali itayamba, ndipo dothi lakuda la makande la m'dera la Ngabu likanyowa limamata pa tayala mpaka kutseka mizere yonse, kotero ngakhale galimoto yopanda thirela imangotsetsereka. Mijigo ija sinakonzedwe mpaka mvula itatha. Amayi a m'midzi imeneyo anakhala dzinja lonse akutunga madzi m'zitsime zosatetezeka, nyengo yomwe matenda otsegula m'mimba amavuta kwambiri kuno, ndipo matumba angapo a simenti anauma posungidwa. Kwa ine, imeneyi ndiye inali mbali yowawa kuposa mtengo wa giyabokosi.

Maganizo anga pa funso la eni galimoto

Galimotoyi siyofooka, ndipo sindinapeze chilema chilichonse chochokera kofakitale. Ena ku ofesi ankati akanatumiza Land Cruiser ya mtundu wa 70 zinthu zikanayenda. Ndi zoona kuti galimoto imeneyo ili ndi masipulingi amapale kumbuyo omwe amasenza bwino, komanso giya yamanja yomwe imakakamiza dalaivala kusankha yekha potsika phiri. Koma injini yake ya 1HZ, ya malita 4.2, imatulutsa makilowati 96 ndi 285 Nm zokha, zochepa kuposa za Prado, ndipo ndasinthapo makilachi ambiri a galimoto zimenezi omwe anapsa mumchenga ndi m'makande mwa njira yomweyi. Ngakhale Land Cruiser 200, yomwe m'maiko ambiri imaloledwa kukoka makilogalamu 3,500, ikakoka thirela yopanda mabuleki malire ake amakhala 750 omwewo. Komanso nambala ya galimoto ya dzina limodzi imasiyana malinga ndi chaka, injini, giyabokosi ndi dziko lomwe inagulitsidwa. Prado 150 yomweyi ku Australia inakwezedwa kufika 3,000 pa mitundu ya giya yosintha yokha ya kuyambira kumapeto kwa 2017. Yoyenera kutsatira ndi ya m'buku la galimoto yomwe ili pamaso panu.

Pa za a dalaivala, ndinalemba kuti analakwitsa zinthu zitatu: kutsika phiri pa D, kulowa mumchenga osatsika kaye kukayenda wapansi n'kuchepetsa mpweya ndi kuika L4, komanso kunyalanyaza nyale yochenjeza. Koma katunduyo sanasankhe ndi iwo. A ku ofesi anawauza kuti zonse zipite ulendo umodzi pofuna kupulumutsa dizilo, ndipo atadandaula kuti galimoto yakhala pansi kumbuyo anayankhidwa kuti imakoka matani awiri ndi theka. Thirela yomwe inamira m'madzi sinayenderedwe ndi makaniko aliyense. Mafuta a mabuleki sanasinthidwe. Munthu wozolowera giya yamanja anapatsidwa makiyi popanda kuphunzitsidwa. Ndinauza mkulu wa bungwelo kuti: "Bwana, mukawachotsa bambowa n'kulemba wina, thirela ikhala yomweyo, kasanjidwe kakhala komweko, ndipo galimoto idzabweranso kwa ine." Anamva, ndipo a dalaivala anapatsidwa chenjezo lolembedwa m'malo mochotsedwa.

Malire omwe ndinawaikira ndi anga, ochokera pa zomwe ndaona m'chigwa muno, osati a m'buku. Pa phula, mabuleki a thirela atayesedwa m'mawa womwewo, asapitirire makilogalamu 2,000 ngati m'galimoto muli anthu oposa awiri. Akasiya phula, thirela isapitirire theka la nambala ya m'buku, ndipo nthawi ya mvula m'makande thirela isapite n'komwe. Madzi asamanyamulidwe kuchokera ku Blantyre pamene angathe kutungidwa pafupi ndi malo a ntchito, chifukwa migolo iwiri ija yokha inali pafupifupi theka la tani.

Mwezi wa May ndinapita nawo ndekha pa ulendo wokamaliza ntchito ija. Simenti tinagula m'chigwa momwemo m'malo moitsitsa phiri, ndipo thirela inalemera makilogalamu 1,240, pamlomo pali 120. Tinanyamuka 5 koloko m'mawa kusanatenthe. Titafika pa mtsinje uja, womwe unali utaumanso pamwamba koma wonyowa pansi, a dalaivala anatsika okha, anayenda mpaka kutsidya akubaya mchenga ndi ndodo, n'kubwerera kudzandiuza kuti pakati m'pofewa. Tinatsitsa matumba 8 n'kuwakweza pa ngolo ya ng'ombe yomwe amfumu anatitumizira, tinachepetsa mpweya wa matayala onse, a thirela omwe, kufika pa 18 psi, ndipo anaika L4 n'kumanga difu yapakati. Anawoloka pa giya 2, injini ikulira mofanana kuyambira polowa mpaka potuluka, ndipo nyale ya oyilo sinayake. Kutsidya tinapopa matayala ndi kapampu ka batire, zomwe zinatitengera mphindi 25, ng'ombe zija zikufika ndi simenti, ndipo pofika 10 koloko amisiri anali atayamba kuzula mapaipi a mjigo woyamba.